Tidawatuma Kukaona, Nanga Tikukaniranji Kumva?

Makolo athu, amene ambiri a iwo sadapondepo pakhomo la sukulu, adali ndi mwambo umene ife ana awo ophunzira tautaya osazindikira kulemera kwake. Munthu akachokera ku ulendo wautali, kaya ku minda ya fodya ya ku Rhodesia, kaya ku migodi ya ku Johannesburg, sankayamba ndi kumasula mtolo wake ayi. Ankamuyalira mphasa, kumupatsa madzi akumwa, ndipo akuluakulu a pamudzi atakhala chete, iye ankapereka malonje, kulongosola mmene adanyamukira, kumene adagona, anthu amene adakumana nawo, zokoma ndi zowawa zimene maso ake adaona, kufikira mudzi wonse utayenda naye ulendowo uli chikhalire pabwalo. Bulangete la amayi ndi jekete la atsibweni zinkatuluka pambuyo pake.

Lero lino mwana wa mudzi womwewo akatsika ndege pa Lumbadzi kapena pa Chileka, atatha zaka zingapo pa sukulu yaukachenjede ya ku Britain, ku America, ku India, ku China kapena ku South Africa, abale amamuchingamira ndi nthungululu, ndipo nkoyenera kutero, koma akangofika kunyumba, maso onse ali pa sutikesi, makutu onse atcheredwa kuti amve ngati lilime lake lapindika, ndipo funso lokha lofunsidwa ndi mtima wonse ndi lakuti, “Nanga pepala mwabwera nalo?” Palibe womukhazika pansi ndi kumuuza kuti, “Tafotokozani, mwaonako zotani kumeneko?” Ine ndikuti pamenepa mtundu wathu ukudzibera wokha, pakuti chuma chachikulu chimene munthu amatenga ku maphunziro a kunja chili m'maso ake amene atsekuka ndi mu mtima wake umene wasinthika, ndipo chuma chimenecho, chimene tidachigula ndi misonkho, ndi ng'ombe za m'khola, ndi kusala kwa makolo, timachilekerera kuti chiolere mwa mwini wake chifukwa chakuti sitifuna kuchimva.

Tiyeni tiyambe taona chimene chimamuchitikira mwanayo akafika kumeneko, popeza zithunzi zimene amatumiza pa WhatsApp, ataima m'chisanu atavala chijasi, mano onse ali panja, sizinena ngakhale theka la nkhani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wopita ku England amafika mwezi wa September kukadali kadzuwa, pofika December mdima umagwa 4 koloko ya masana isanakwane, ndipo iye amene chibadwire sadadyepo yekha amapezeka ali m'kachipinda kake, akuvundula nsima m'kapoto ndi ufa wogula modula ku sitolo ya amwenye, ndiwo zake nyemba za m'chitini, popanda womuuza kuti, “Tiyeni tisambe m'manja.” Lamulo la chiphaso chake limamulola kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo kwa ambiri maola amenewo amathera usiku m'nyumba zosungiramo nkhalamba, kumene munthu amene kwawo amesenjala ankamutchula kuti bwana amasambitsa agogo a eni ake ndi kuwasinthira zofunda, m'mawa mwake n'kulowa m'kalasi maso ali psuu. Lamya ikalira kuchokera kumudzi, mawu ake sasintha: “Achimwene, feteleza wakwera, mutiganizireko.” Ndipo iye, poopa kutchedwa womana kapena wolephera, amatumiza ndalama imene akadadyera, nanena kuti zonse zili bwino.

Amene adapita pa thumba la makolo awo, osati pa thandizo la boma kapena la mabungwe, amasenza goli lolemera koposa, chifukwa fizi yawo imawerengedwa m'ndalama za eni dziko pamene malipiro a atate awo ali m'makwacha. Mu November 2023, pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndipo dola imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 idafika pa K1,700, panali mabanja amene adagona ali ndi fizi yokwanira nadzuka ali ndi ngongole, osalakwa kanthu. Ana a mabanja otere adadziwa bwino lomwe chimene chikuchitika kwawo, ndipo ambiri adameza mavuto awo kuti asawonjezere katundu pa msana wa makolo. Motero mbali zonse ziwiri zaphunzira kubisirana: kumudzi aganiza kuti kunja ndalama amachita kutola pamsewu, mwana aganiza kuti kunena zoona n'kuchititsa manyazi banja, ndipo mng'ono wake amene akubwera pambuyo amanyamuka ali m'chimbulimbuli chomwecho.

Komabe m'ng'anjo yomweyo ndi mmene munthu amayengekera, ndipo amene wapyola m'menemo sabwera monga adapitira. Amaphunzira kuti ntchito ya manja sichotsa ulemu wa munthu, popeza waona mphunzitsi wamkulu wa payunivesite, wolemba mabuku, akubwera kuntchito pa njinga yakapalasa ndi kutsuka yekha kapu yake ya tiyi. Amaphunzira kukhala mlendo, woyesedwa ndi khungu lake asanatsekule pakamwa, wofunsidwa kawirikawiri kuti Malawi ali mbali iti ya dziko; ndipo amene walawapo zimenezi, ngati ali ndi mtima, sanganyozenso Mtumbuka, Mlomwe kapena wothawa nkhondo wa ku Dzaleka monga ankachitira kale. Koposa zonse amaphunzira kutsutsa ndi kutsutsidwa. Mwana amene adaleredwa kuti polankhula ndi wamkulu azigwada ndi kuyang'ana pansi, amene kusukulu ankakhoza mayeso pobwereza mawu a aphunzitsi monga momwe adawalembera pabolodi, amadzidzimuka pouzidwa kuti kukopera mawu a wina popanda kutchula mwini wake ndi kuba kumene kungamuchotsetse sukulu, ndi kuti chimene mphunzitsi akufuna ndicho kumva pamene wophunzirayo akusiyana naye maganizo ndi chifukwa chake. Miyezi yoyamba amakhala duu, thukuta lili kamukamu, mnzake wa zaka 22 akuuza pulofesa wa imvi kuti walakwitsa; tsiku limene iye mwini adzakweza dzanja nanena kuti sakugwirizana nazo, pulofesayo n'kumuthokoza, ndilo tsiku limene maphunziro ake ayambadi.

Sikuti amangoona zabwino zokhazokha. Amaonanso nkhalamba zimene zimatha mwezi osayenderedwa ndi mwana kapena mdzukulu, anthu oyandikana nyumba osadziwana maina, maliro operekezedwa ndi anthu osadzaza ngakhale benchi ziwiri za m'tchalitchi. Ndipo pamenepo amazindikira mtengo wa zinthu za kwawo zimene ankaziyesa wamba, monga adzukulu okumba manda popanda malipiro ndi amayi ogona pasiwa. Koma amaonanso kalata yopita ku ofesi ya boma ikuyankhidwa popanda kudziwana ndi munthu aliyense, basi ikufika pa nthawi yolembedwa, mankhwala a m'chipatala akuwerengedwa tsiku ndi tsiku. Choncho amabwera ali ndi nzeru imene ife otsala sitingaipeze patokha, ndiyo yosiyanitsa pakati pa miyambo yathu imene ili chuma chofunika kuchisunga ndi zizolowezi zathu zoipa zimene tazibatiza dzina la chikhalidwe kuti wina asazikhudze.

Nzeru yotereyi ndiyo imene olamulira a dziko lino akhala akuiopa kuyambira kale, ndipo mbiri yathu ichitira umboni. John Chilembwe adapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, naphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, kumene adaona anthu akuda, ana a akapolo, akuyendetsa okha sukulu zawo, mipingo yawo ndi nyuzipepala zawo pakati pa tsankho loopsa. Atabwerera mu 1900 adamanga Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Ndipo chimene chidavutitsa atsamunda sichidali kolala yake ya ubusa, koma kuti adayamba kufunsa chifukwa chake anthu akugwira thangata m'minda ya azungu, ndi chifukwa chake amphawi a kuno akukafera nkhondo ya 1914 imene sadaiyambe. Daniel Malikebu, amene adatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1917, woyamba mwa ana a dziko lino kufika pamenepo, adatsekeredwa khomo ndi boma lomwelo atafuna kubwera kwawo, ndipo adangololedwa mu 1926, m'dziko limene odwala ake adali osawerengeka. Atsamunda adadziwa kuti munthu amene waona kwina amabwera ndi mafunso.

Tikadayembekeza kuti ufulu usintha zimenezi, makamaka popeza amene adatitsogolera adali mwini wake wophunzira kunja woposa onse. Dr Hastings Kamuzu Banda adachoka ku Kasungu ali mnyamata, nadutsa ku Rhodesia ndi ku South Africa, nafika ku America mu 1925, naphunzira ku Wilberforce, ku Chicago ndi ku Meharry, kenako ku Edinburgh. Adachiza anthu ku Liverpool, ku North Shields, ku London ndi ku Kumasi, nabwerera pa 6 July 1958 patapita zaka zoposa 40, akulankhula kwa anthu ake kudzera mwa womasulira. Ali ku London, pa likulu penipeni pa atsamunda, adalemba ndi kulankhula momasuka potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, popanda womugwira. Sindikana kuti adamanga zambiri m'dziko muno. Koma taonani zimene adasankha kubwera nazo: suti, chipewa, ndi Chilatini ndi Chigiriki zimene adadzaziika pa Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, pamene ufulu wotsutsa wolamulira, umene iye mwini adaudya kwa zaka zambiri, adausiya tsidya la nyanja. Patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu mu 1964, nduna zake zophunzira, Orton Chirwa wa ku Fort Hare ndi ku Lincoln's Inn, Kanyama Chiume wa ku Makerere, Masauko Chipembere wa ku Fort Hare ndi anzawo, atamufunsa mafunso pa kayendetsedwe ka dziko, ena adachotsedwa, ena adatula okha maudindo, ndipo ambiri adathawira kunja. Chipembere adafera ku Los Angeles mu 1975. Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Mndandandawo sudathere pamenepo. David Rubadiri, wophunzira ku Makerere ndi ku Cambridge, kazembe wathu woyamba ku America ndi ku United Nations, adasiya ntchitoyo mu 1965 nakhala kunja zaka zambirimbiri akuphunzitsa ana a mayiko ena. Legson Kayira, amene adanyamuka kumpoto kwa dziko lino mu 1958 nayenda zaka ziwiri, mbali yaikulu wapansi, mpaka ku Khartoum kuti akafike ku Skagit Valley College ku America, adakhazikika ku England namwalira komweko mu 2012. Jack Mapanje adabwera kuchokera ku University College London kudzaphunzitsa pa Chancellor College, ndipo malipiro ake adali kukhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Tsono pamene tikudandaula lero kuti ophunzira athu asanduka matchona, tikumbukire kuti matchona oyamba mwa anthu ophunzira tidawaumba ndi manja athu.

Masiku ano palibe amene akupita ku Mikuyu chifukwa cha funso, ndipo tiyamike Mulungu. Koma mzimu wake udatsala m'maofesi, ndipo umagwira ntchito yake mwakachetechete. Mayi wabwera ndi digiri yachiwiri ya za umoyo, boma lomwe lidamupatsa tchuthi cha maphunziro. Pa msonkhano wa Lolemba m'mawa apempha mwaulemu kuti mankhwala otuluka m'nyumba yosungiramo azilembedwa tsiku lomwelo ndi kusainidwa ndi anthu awiri. Chipinda chonse chili zii. Kenako wapampando amwetulira nati, “Mayi, kuno si ku Ulaya. Mwangobwera kumene, dekhani, muzolowera.” Enawo aseka, nkhani yatha, alowa pa ya malawansi a msonkhano wa ku Mangochi. Pakatha chaka mayiyo waphunzira kukhala chete, pakatha zaka ziwiri akulemba makalata ofunsira ntchito ku mabungwe akunja, ndipo wapampando yemwe uja adzaima pa mwambo wina kudandaula kuti ana a masiku ano alibe mtima wokonda dziko lawo. Ana a Israyeli adachitanso chimodzimodzi m'chipululu: adatuma azondi khumi ndi awiri kukaona Kanani, adalandira tsango la mphesa ndi manja awiri, koma Yoswa ndi Kalebe atanena kuti dzikolo n'lotheka kulilowa, khamu lidatola miyala.

Ndikudziwa chimene ena anene, ndipo sichopanda pake. Adzati obwera kuchokera kunja ndi odzikuza, amalankhulira m'mphuno, mawu aliwonse amayamba ndi “pamene ndinali ku UK,” amanyansidwa ndi fumbi limene lidawalera, ndipo amafuna kusintha m'sabata imodzi zimene ena azisenza zaka makumi awiri popanda zipangizo. Otere alipo ndithu, ndipo ndiwauze mosapsatira kuti iwo adapita kunja koma sadaphunzire, chifukwa munthu amene walawa ulendo weniweni amabwera wofatsa. Muyeso wa kukula kwa wophunzira ndi uwu: kodi angathe kukhala pamkeka ndi agogo ake ndi kuwafotokozera m'chinenero chawo chimene adakaphunzira, agogowo n'kumvetsa? Kodi angathe kugwira ntchito magetsi atazima, makina atafa, osatukwana dziko? Kodi amayamba wafunsa kalaliki wakale chifukwa chake zinthu zimachitika motero asananene kuti n'zolakwika? Safunsa adadya phula. Koma kunyada kwa munthu mmodzi sikusandutsa bodza mawu oona amene wanena. Ngati mankhwala akubedwa, akubedwa ndithu, ngakhale wonenayo atanena ndi lilime lopindika. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sadawonjezepo kuti kalumoko tizikalandira pokhapokha mlendoyo akatisangalatsa nkhope.

Enanso adzati nthawi yotumiza ana kunja idatha, popeza University of Malawi ilipo kuyambira 1964, ndipo lero tili ndi Mzuzu University, LUANAR, MUST, MUBAS ndi KUHeS. Pa digiri yoyamba ndigwirizana nawo kwambiri. College of Medicine itatsekulidwa ku Blantyre mu 1991, dziko lidayamba kupeza madokotala ophunzira pa odwala a kuno, odziwa malungo ndi kunyentchera kwa ana ndi manja awo, m'malo modikira amene adatumizidwa kutali, amene ambiri a iwo sadabwerere. Kholo limene ligulitsa munda kuti mwana wa zaka 18 akaphunzire pa kasukulu kosadziwika ka kunja, kopezedwa kudzera mwa madobadoba a pa intaneti, pamene maphunziro omwewo alipo ku Zomba kapena ku Bunda, likugula dzina lokha. Koma dziko limene aphunzitsi ake onse adaphunzitsidwa ndi aphunzitsi amene adaphunzira pamalo omwewo limayamba kuyesa zolakwa zake ngati chilengedwe cha zinthu. Tifunika ena otuluka, makamaka pa maphunziro apamwamba, kuti pakhale wotiuza kuti zimene tazizolowera sizili choncho kulikonse.

Nanga za amene sabwerera? Mabungwe ena amamanga wophunzira ndi pangano. A Chevening, mwachitsanzo, amafuna kuti munthu abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri akatsiriza. Pangano lotere n'labwino, ndipo amene adadya ndalama za amphawi nathawa ali ndi mangawa pamaso pa Mulungu ndi anthu. Koma pangano limabweza miyendo yokha. Ambiri amene ndawamva akulankhula za kwawo ali kutali sasowa chikondi cha dziko. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo palibe amene amakonda kukalambira m'chisanu pakati pa alendo. Malipiro ochepa amawaopa, inde, koma chimene amachiopa koposa ndicho kubwera kudzakhala pa desiki zaka makumi atatu akuona zinthu zikuonongeka, akudziwa mankhwala ake, osaloledwa kutsekula pakamwa.

Chifukwa chake ndipempha zinthu zitatu. Inu makolo ndi abale, mwana akaimba lamya muyambe mwamufunsa ngati wadya, ngati ali ndi anzake, ngati akugona tulo, ndipo mumupatse mpata wonena kuti zamuvuta popanda kumuyesa wolephera. Ndalama ya feteleza musaiyembekeze kwa munthu amene akuwerenga makobiri a basi. Inu ophunzira, lekani kutinamiza ndi zithunzi. Lembani zoona m'nyuzipepala, lankhulani pa wailesi m'zinenero zathu, pitani ku sekondale imene mudachokera mukauze ana mmene zilili, zowawa ndi zokoma zomwe, ndipo mukabwera mubwere ndi mawondo ofewa koma pakamwa posatseka. Ndipo inu olemba ntchito, makamaka boma: aliyense amene wapita kunja pa ndalama za anthu kapena pa tchuthi cholipidwa, akabwerera aimirire pamaso pa anzake a kuntchito m'miyezi itatu yoyamba, anene zinthu ziwiri kapena zitatu zimene waona kuti zingatheke kuno ndi zipangizo zimene tili nazo, ndipo mkulu wa pamalopo ayankhe molemba, kuvomera kapena kukana, ndi kupereka zifukwa zake, kuti kukana kwake kukhale ndi dzina ndi tsiku. Zimenezi sizifuna ngongole ya ku World Bank kapena galimoto zatsopano. Zifuna mtima wolola kumva kuchokera kwa wamng'ono. Unduna umene sungathe kupirira mawu a munthu amene udamutuma wokha ulibe chifukwa chotumira wina, ndipo ndalama zoterozo kuli bwino zikagule madesiki a ana amene akuphunzirira pansi pa mtengo.